Lekichala samera ngati bonongwe

Anzanga aphunzitsi, ndi inu ana anga akale amene mumawerenga tsamba lino muli ku Zomba, ku Blantyre ngakhale ku Joni, lero tikambeko za anthu amene amaphunzitsa ku yunivesite.

Mafomu a NCHE akatuluka, nyimbo imakhala imodzimodzi kuno ku Chikweo. Mwana akapeza mapointi abwino amafuna zamalamulo, udokotala kapena zowerengera ndalama. Uphunzitsi amaulemba kumapeto, poopa kutsala. Sindiwadzudzula, amaona nsapato zathu. Koma ndamva ena akunena kuti yunivesite izilemba malekichala potsata kumene ana akukhamukira, ndipo madipatimenti a ana ochepa azingodalira aganyu. Apa ndiye ndikukana.

Lekichala samera ngati bonongwe. Munthu amalize digiri ya zaka 4, agwireko ngati staff associate, achite masters, kenako PhD, kawirikawiri kunja. Zaka 10 zimatha osadziwa. Zokonda za ana zimasintha msanga kuposa pamenepo, ndipo dipatimenti ya Physics ukailekerera kuti ifote, sudzaidzutsa tsiku limene waifuna.

Komanso ana ochepawo amachepera kuno. M'ma CDSS ambiri a ku Machinga ndi Balaka mphunzitsi wa sayansi ndi wosowa, labotale ndiye osanena. Mwana amene Chemistry anangoimva pabolodi angaisankhe bwanji pa fomu? Yunivesite ikawerenga mitu n'kunena kuti phunziroli silikufunidwa, silemba lekichala, situlutsa aphunzitsi, ndipo kuno tipitiriza kupatsa Physics munthu amene anaphunzira Geography. Galu akuthamangitsa mchira wake.

Ku America kuli dongosolo lotchedwa tenure: lekichala amayesedwa zaka pafupifupi 6, ndipo akakhoza sachotsedwa ntchito mwachisawawa. Ena amati ndi mpando wa alesi. Zoona, tonse tinaphunzitsidwapo ndi munthu wa manotsi ofiira ndi ukalamba, amene sankaopa aliyense chifukwa ntchito inali yake mpaka kupuma. Komabe ife Amalawi tili ndi chifukwa chathu choganizira kawiri. Mu 1987 a Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anatengedwa n'kukatsekeredwa ku Mikuyu osazengedwa mlandu mpaka 1991. Mu February 2011 a Blessings Chinsinga anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi, a Peter Mukhito, chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, chokhudza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja komanso zipolowe za ku Tunisia ndi Egypt. Malekichala ananyanyala kuphunzitsa. A Chinsinga, a Jessie Kabwila, a Garton Kamchedzera ndi a Franz Amin anachotsedwa ntchito, ndipo panatha miyezi pafupifupi 8 kuti abwezeretsedwe. Tsono tandiuzeni, waganyu amene kontirakiti yake imatha semesita ikatha akanalimba mtima chonchi? Akanangosintha chitsanzocho mwakachetechete, ana osadziwa kuti amanidwa kanthu.

Sindikunena kuti chiwerengero cha ana chilibe ntchito. Kalasi ikasefukira mpaka ena kumvera pawindo, alembedwe anthu, osati mawa. Kuyambira pamene pulayimale inakhala yaulere mu 1994 mtsinje wa ana wangokulirakulira. Mzuni inatsegulidwa mu 1999, Bunda inapatuka n'kukhala LUANAR, MUST inayamba mu 2014, ndipo mu 2021 University of Malawi inagawidwa, Poly n'kukhala MUBAS, makoleji a zaumoyo n'kukhala KUHeS. Mayunivesite a boma anakwana 6, osawerengera omwe si aboma. Onsewa akulimbirana anthu a PhD omwewo, ndipo ena mwa anthuwa anapita kukaphunzira ku South Africa kapena ku Britain osabwerako.

Inu amene muli kumeneko, ndilembereni m'munsimu: mwa amene akukuphunzitsani semesita ino, ndi angati ali ndi ofesi yoti mungakagogode Lachitatu masana n'kuwapeza?