Pulani ya nyumba ya mayi tinaijambula ndi phulusa

Sukulu titangotsekera, ndinakwera galimoto pa Golomoti kulowera kwathu kufupi ndi Lizulu m'boma la Ntcheu. Amene anadutsapo pa Khwekhwerere akudziwa mmene msewuwo umakhotera. Kuchigwa umanyamuka thukuta lili kamukamu, koma pofika pa Masasa, pomwe umakumana ndi msewu wa M1, wayamba kale kufunafuna juzi. M'chikwama mwanga munali tepi yoyezera, chingwe ndi pepala limene ndinkalinyadira kwambiri: pulani yokonzeranso nyumba ya mayi anga.

Nyumbayo anamanga ndi malemu bambo ine ndili kupulayimale. Ndi ya njerwa zootcha zomangira dothi, mamita 9 mulitali ndi 6 mulifupi. Muli pabalaza, tizipinda titatu togona ndi kakolido kopapatiza. Khitchini, bafa ndi chimbudzi zili panja. Kwa zaka zonsezi palibe ankadandaula, mpaka usiku wina wa mvula chaka chino pamene mayi anaterereka pa masitepe popita kuchimbudzi. Anakhala pamatope mpaka mlongo wanga atamva kubuula. Tinagwirizana kuti nyumbayo ikonzedwe dzinja lina lisanafike.

Achimwene anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anatumiza pulani pa WhatsApp. Inali yokongola ndithu. Khoma lapakati ligwetsedwe, pabalaza ndi khitchini pakhale malo amodzi otakasuka, ndipo chipinda cha mayi chikhale ndi chimbudzi chamadzi momwemo. Ine ndinangoikopera bwinobwino ndi rula n'kuwonjezera miyeso, monga mphunzitsi wa masamu.

Woyamba kuitsutsa anali mmisiri wa m'mudzi mwathu. Sanayang'ane pepala nthawi yaitali, anayang'ana kudenga. Anandionetsa kuti mitanda yonse yonyamula malata yatsamira pa khoma lomwelo limene timafuna kugwetsa. Kulichotsa kukanafuna bimu ya konkire ndi zitsulo, komanso zipilala zoinyamula, chifukwa makoma omangira dothi sangasenze katundu wotere pamalo amodzi. Kenaka anafunsa modekha: "Aphunzitsi, madzi ogujumulira chimbudzicho azichokera kuti?" Kwathu timatunga pamjigo, ndipo ndowa iliyonse imabwera pamutu pa mwana wa mlongo wanga. Za khitchini sanachite kufunsa. Mayi amaphikira nkhuni pamafuwa, ndipo utsi wake ukanadetsa makatani ndi kutsokomoletsa alendo sabata isanathe.

Mayi nditawapatsa pepalalo, analitembenuza kawiri n'kundibwezera. "Ine mizere iyi sindikuonapo nyumba, bambo. Ndionetseni pansi."

M'mawa mwake tinasesa pabwalo n'kukhoma zikhomo. Kuti ngodya ziwongoke ndinagwiritsa ntchito lamulo la Pythagoras lomwe ndimavutika nalo ndi ana m'kalasi: mamita 3 mbali iyi, 4 mbali inayo, ndipo chingwe chopingasa chikakwana mamita 5 ndiye kuti ngodya yakhala bwino. Mmisiri anaseka, nati iye wakhala akuchita zimenezi zaka zambiri osadziwa kuti zili ndi mwini wake. Tinathira phulusa motsata zingwe mpaka nyumba yonse inaoneka pansi pa msinkhu wake weniweni, makomo ndi mawindo omwe.

Mayi analowa pa khomo la phulusalo ndi ndodo yawo, ndipo sukulu inayambika. Funso loyamba linali la chimanga. Nkhokwe zapanja anthu ambiri kwathu anazisiya chifukwa cha akuba, moti matumba amagona m'nyumba. Pa pulani ya ku Joni panalibe malo ake, ndipo ine amene ndinakulira pa matumba omwewo sindinaone vutolo. Tinadula kachipinda pafupi ndi khomo lakuseri, kokhala ndi kawindo kam'mwamba kolowetsa mphepo, kuti matumba azisanjidwa pa matabwa osakhudza simenti.

Khomo lakuserilo nalonso pa pepala tinali titalitseka. Mayi anapukusa mutu. Mlamu wanga amakhala pakhomo pomwepo monga mkamwini, ndipo sangamapanikizane ndi apongozi ake pa khomo limodzi m'mawa uliwonse. Ulemu umafuna njira ziwiri.

Chipinda chawo anachisuntha okha. Anakaima pa ngodya ya kumpoto chakum'mawa n'kunena kuti agona pamenepo. Sanafotokoze za jogalafe, koma ankanena zoona. Miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye dzuwa limadutsa chakumpoto, pomwe mphepo ya mwera imaomba kuchokera kummwera chakum'mawa. Kuno kumtunda, kumene mbatatesi ndi kabichi zimakondwa ndi chisanu, munthu wa nyamakazi amafuna chipinda chimene dzuwa limayamba kulowa.

Atafika pa kolido anakhala chete kanthawi. Kenaka anati: "Khomo la chipinda changa likule, ndipo liyang'anane ndi la pabalaza. Bambo anu tinawatulutsa mopendeketsa." Ndinakumbuka tsiku la maliro lija, amuna anayi akulimbana ndi bokosi pa kona ya kolido, amayi akulira panja. Palibe anayankha. Ndinafufuta phulusa ndi phazi n'kuyeza masentimita 90. Mmisiri anawonjeza kuti khomo lotere lidzalolanso njinga ya olumala ngati idzafunike, ndipo tonse tinapumira m'mwamba pokhala ndi chifukwa china chonena.

Pomaliza pulani inakhala yosavuta kuposa ija ndinabwera nayo. Khoma lapakati latsala. Kolido yafupika, ndipo tizipinda tiwiri taphatikizidwa kukhala chipinda cha mayi. Khitchini ikhalabe panja, koma ilumikizidwa ndi nyumba ndi khonde lofolera malata kuti nsima isamanyowe panjira. Masitepe atatu aja achoka, m'malo mwake pabwera kamtsetse kosaterera. Chimbudzi chatsopano chokumba, chokhala ndi mpando ndi paipi yotulutsa fungo, chikhala kumapeto kwa khondelo, mbali yotsika ya malo athu. Achimwene nditawatumizira chithunzi cha mizere ya phulusa anayamba akhumudwa, koma atamva za khomo lija anangolemba kuti ndalama ya simenti atumiza mwezi ukatha.

Ambiri a ife amene tili pantchito timafuna kumangira makolo nyumba zimene tinaona kutauni, ndipo cholinga chake n'chabwino. Koma musanagule thumba la simenti ngakhale limodzi, jambulani nyumbayo pansi, mwini wake ayendemo. Mufunseni kumene amaika chimanga, kumene amawothera dzuwa ndi njira imene amadzera usiku. Khoma la phulusa limasuntha ndi phazi, la njerwa limafuna ndalama.

Tsiku lobwerera kusukulu ndinapeza mphepo ya Ogasiti itauluza mizere yonse pabwalo. Mayi sanade nkhawa. Ankalozera mmisiri ndi ndodo pamene pakhale khomo lililonse, osaphonya ngakhale limodzi.