Makina oona m'kati mwa chigaza

Kwathu ku Mitundu, m'zaka za m'ma 1980, munthu akagwa pangolo n'kumenyetsa mutu pansi, abale ankapita kuchipatala ndi funso limodzi: fupa lasweka kapena ayi? Yoyankha inali ekisileyi. Adokotala ankakweza chipepala chakuda chija powala n'kunena kuti chigaza chili bwinobwino, anthu n'kubwerera kumudzi mitima ili m'malo. Bambo wina wa m'mudzi woyandikana nafe anabwerako motero, akuyenda yekha, akuseka. Mawa lake anayamba kusanza ndi kuodzera, mkuja wake kunali maliro. Pasiwa anthu ankanong'onezana kuti wamenyedwa hamala yamatsenga, ndipo dzina la gogo wina linamveka chapansipansi.

Ekisileyi ija sinaname. Iyo imaona fupa, koma ubongo ndi magazi siitha kuzisiyanitsa. Mtsempha ukaphulika pakati pa chigaza ndi ubongo, magazi alibe kothawira, amangodzadzana n'kumapanikiza ubongo pang'onopang'ono, mwini wake akucheza ndi anthu pakhonde.

Chondiwawa n'chakuti nthawi imeneyo makina oona zimenezi analipo kale kwina. Mu 1971, pachipatala cha Atkinson Morley ku London, mayi wina anajambulidwa mutu ndi makina a CT amene Godfrey Hounsfield wa kampani ya EMI anapanga, ndipo chotupa chinaoneka. Masamu ake anali atawaganizirako kale Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, Joni yemweyo amene agogo athu ankapitako kumigodi. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1979. Chithunzi choyambacho chinali cha timadontho 80 m'litali ndi 80 m'lifupi, chambuu, ndipo kujambula gawo limodzi lokha kunkatenga mphindi zingapo.

Makinawa amazungulira mutu akuwombera cheza mbali zonse, kenako kompyuta imaonetsa mutuwo m'magawomagawo, ngati buledi wodulidwa. Lero gawo lililonse limakhala ndi timadontho 512 m'litali ndi 512 m'lifupi, likhoza kupyapyala osafika milimita imodzi, ndipo mutu wonse umatha m'masekondi ochepa. Fupa limaoneka loyera mbee, mpweya wakuda bii, ubongo wotuwa. Magazi ongotuluka kumene amayera pakati pa zotuwazo.

Ndinaziona ndi maso anga malume atagundidwa ndi kabaza wanjinga yamoto pa Nathenje, akuoloka msewu wa M1. Tinafika nawo mumzinda akulankhula zosokonekera. Chithunzi choyamba chinatuluka mizeremizere chifukwa ankagwedeza mutu. Wojambulayo anabwerera m'chipindamo, nawakonza pilo, nawauza mofatsa kuti, "Bambo, mugone phee, musameze ngakhale malovu. Sitichedwa." Pachithunzi chachiwiri panaoneka kachigamba koyera kotsatira m'mbali mwa chigaza, ubongo utakankhidwira mbali ina. Adokotala analozapo ndi cholembera. Tsiku lomwelo anaboola kabowo n'kutulutsa magaziwo, ndipo malume akulimabe mpaka pano. Pamudzi palibe gogo amene anatchulidwa.

Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti ubwino wa chithunzi suchokera m'makina mokha. Wodwala akangosuntha pang'ono, makina odula chotani amatulutsa zachabe. Ndolo, ndolo zapamphuno, zitsulo zomatira mano, zonsezi zimamwaza mizere yowala imene imabisa chomwe akufunafuna. Kumunsi kwa chigaza fupa n'lochindikala, nalonso limadetsa chithunzi. Pakhosi ndiye povuta kwambiri, chifukwa mitsempha, minofu ndi mwanabere zimafanana kutuwa kwake. N'chifukwa chake amabaya mankhwala okhala ndi ayodini kuti mitsempha iwale, koma amayamba aonetsetsa kuti impso zikugwira bwino ntchito. Kuonjezera cheza kumayeretsa chithunzi, koma chezacho si chosewera nacho, makamaka kwa ana, choncho wojambula wabwino amafuna chithunzi chokwanira kuyankha funso la dokotala, osati chokongola basi. Ndiponso chithunzi chooneka bwino sichitanthauza kuti munthu ali bwino nthawi zonse: sitiroko yobwera chifukwa cha kutsekeka kwa mtsempha ikhoza kusaoneka m'maola oyambirira.

Kunja zinthu zikuthamangabe. Mu 2021 dziko la America linavomereza makina a kampani ya Siemens owerenga kadontho kalikonse ka cheza pakokha, amene amaonetsa bwino ngakhale timafupa ta m'kati mwa khutu. Ine sindikuwalakalaka kwenikweni. Akatswiri owerenga zithunzizi m'Malawi muno ndi ochepa zedi, ndipo ndaonapo chithunzi chabwino chikujambulidwanso ndi foni pagalasi la kompyuta kuti chipite pa WhatsApp kwa katswiri amene ali kutali. Ubwino umene makina anavutikira umataika panjira imeneyo, ngakhale kuti n'kwabwino kutero kusiyana ndi kungokhala. Ndalama zitapezeka, ine ndikanayamba ndi anthu owerenga, magetsi osazima, okonza makina akawonongeka, ndi mafuta a ambulansi.

Chipatala cha Kamuzu Central, chomwe chinatsegulidwa mu 1977, lero chili ndi CT, ndipo pambali pake pamangidwa chipatala cha LION choona za mafupa ndi maopaleshoni a ubongo. Koma makinawa ali mumzinda, pamene ngozi zikuchitikira pamsewu wa Bunda ndi pa M1, pomwe akabaza amanyamula anthu awiri kapena atatu opanda chisoti. Inu a ku Mitundu ndi ku Nathenje, m'bale wanu akamenyetsa mutu kenako n'kuyamba kusanza, kuodzera, kuiwalaiwala kapena kufooka dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi, ngakhale patapita masabata, musadikire kuti kuche. Thamangirani naye kuchipatala, ndipo mukawauze adokotala za kugwako, tsiku lake ndi nthawi yake.