Dzina Limene Ndinalemba pa Kope Langa

Ine ndi mng'ono wanga tinasiyana miyezi 11 yokha pobadwa. Tinayamba sukulu tsiku limodzi, ndipo kufikira lero tiri m'kalasi imodzi muno mu Fomu 3. Alendo amatiyesa mapasa, koma kumudzi kwathu onse adziwa kuti amai anatumbiza, ndiko kunena kuti anaima ine ndikali kuyamwa. Mau amenewa ndawamva ciyambire ubwana wanga. Ku citsime akazi anali kuwanena monong'ona ife tikamafika, ndipo ndikangotsokomola agogo anali kuti, "Nanga si uja anamlanda bere mng'ono wace?" Amai sanali kuyankha konse, koma ine manyazi anali kundigwira kwambiri.

Caka catha mnzathu wina anapeza m'buku la m'laibulale mau a Cingerezi akuti "Irish twins," otanthauza ana a mai mmodzi obadwa motsatana caka cisanathe. Ndinakondwa zedi. Dzinali linandimvekera laulemu, loyenera anthu ophunzira, losiyana ndi lija la ku citsime. Za dziko la Ireland sindinali kudziwa kanthu, kupatula mbatata ya kacewere ya ku Dedza imene timaicha airishi. Pompo ndinalemba dzinalo ndi zilembo zazikulu pa kope langa.

Tsiku lina mphunzitsi wathu wa mbiri yakale, mai wocokera ku Ireland, analiona pamene anali kuconga nchito yathu. Anamwetulira, nati iyenso anapondana ndi mlongo wace cimodzimodzi. Ndipo anandifunsa, "Kodi udziwa amene anayamba kunena mau awa?"

"Iai, madamu," ndinatero.

Anatiuza kuti kuyambira 1845 kufikira 1852 ku Ireland kunagwa njala yoopsa, cifukwa matenda anaoletsa mbatata ija m'minda, ndipo ndiyo inali cakudya ca amphawi. Anthu ngati 1,000,000 anafa, ndi ena oposa pamenepo anaoloka nyanja, ambiri a iwo kunka ku America. Anafika ku Boston ndi ku New York ali ausiwa, ali Akatolika pakati pa anthu amene sanali kukonda mpingo umenewo. Eni mudzi anayamba kuwanena kuti ndi zidakwa, okonda ndeu, obereka ana osatha kuwalera. Olemba anchito ena anali kulengeza poyera kuti munthu wa ku Ireland asabwere kudzafunsa nchito. Mu 1871 Thomas Nast anajambula m'nyuzi ya Harper's Weekly munthu wa ku Ireland wa nkhope yonga ya nyani, ali ndi botolo m'dzanja. Dzina langa lokoma lija linabadwira m'citonzo cotere. Linali lonyoza akazi a alendowo kuti sadziwa kupumira pobereka.

Mphunzitsiyo anaonjeza kuti zinthu zinasintha. Mu 1960 a ku America anasankha John F. Kennedy, amene makolo ace akale anacokera ku Ireland, kukhala Pulezidenti wao, ndipo masiku ano ambiri amachula mauwo mwanthabwala m'banja mwao osaganiza zoipa. "Koma pamene ndiwamva," anatero, "ndimakumbuka amai anga, amene anatilera asanu ndi atatu."

Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga. Ndinaona kuti ndinathawa dzina limene linali kupweteka amai anga, ndi kutola lina limene linapangidwa kupweteka amai a anthu ena. Ndinazindikiranso cinthu cimene sindinaciganizepo kale: ku citsime kuja palibe ndi mmodzi yemwe amene anachulapo atate. Mlandu wonse unali kugwera amai, amene anabereka mmodzi kumbuyo, wina atamnyamula m'manja, ndi kulima m'munda osataya mwana ngakhale mmodzi. Akulu anati, mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo.

M'mawa mwace ndinamata pepala pa cikuto ca kope lija. Mng'ono wanga anandiseka, nati ndikukulitsa nkhani yaing'ono, ndipo iye amalichulabe dzinalo pamene tiri awiri. Sindikangana naye. Koma mlendo akandifunsa ngati ndife mapasa, ndimayankha kuti, "Iai, uyu ndi mng'ono wanga wondiponda pamutu. Amai anatilera tonse awiri nthawi imodzi."