Kadontho kabuluu kanatsalira pa Katete

Timalankhula Chinyanja, koma kwathu kulibe nyanja. Ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi madzi athu ndi a m'madambo, m'madamu ang'onoang'ono ndi m'timitsinje tomwe timaphwa dzuwa likakula. Ndiye funso loti kodi tabuleti ili ndi GPS yakeyake, imene anthu a maboti amafunsa asanagule, sitinkaganiza kuti lingatikhudze. Linatipeza tili pakati pa munda wa ambuya ku Vubwi, anthu khumi ndi awiri akutiyang'ana, ife thukuta lili kamukamu.

Tinali awiri, mkulu ndi mng'ono wake, ana obadwira ndi kukulira mu Lusaka. Chiyambireni kumwalira kwa ambuye aamuna, ambuya ankadandaula pa foni kuti munda ukuchepa. Oyandikana nawo, omwenso ndi abale a patali, akuti chaka chilichonse pounda mizere ankalowa mzere umodzi. Amayi anatiuza kuti, "Inu mwaphunzira, pitani mukapime mundawo, mulembe, nkhani ithe." Kwa ife Achewa munda umayenda ku chikazi, choncho wa ambuyawo ndi umene amayi ndi azilongo athu adzalime mawa. Amalume, monga nkhoswe ya banja, anakapempha anyakwawa tsiku.

Nzeru ya tabuleti inachokera kwa msuweni wathu amene amagwira ntchito pa maboti ku Siavonga. Anatiuza kuti pa Kariba ena amayendera tabuleti, imawaonetsa pamene ali ngakhale usiku, kutali ndi gombe. Tinati ngati ikutha pamadzi, pamtunda ilephera bwanji? Tinasonkherana ndalama n'kugula iPad yogwirapo kale ntchito m'tauni. Wogulitsa anatsegula mapu pomwepo, kadontho kabuluu kanakhala ndendende pa msewu umene tinaima. Tinalipira osanenerera n'komwe.

Tinanyamuka mu Okutobala. Basi inadutsa Chongwe, mlatho wa Luangwa, Nyimba ndi Petauke, ife n'kutsikira pa Sinda kukagona kwa azakhali. M'mawa mwake pa Katete tinakhala pamalo ena pomwe panali Wi-Fi, tinakopera mapu a dera lonse kuti tikawaone popanda intaneti, ndipo kadontho kanali bwinobwino pafupi ndi mphambano ya msewu wa ku Chanida. Kuchoka apo tinalowera ku Chadiza mpaka ku Vubwi, fumbi lokhalokha, gawo lomaliza pa honda. Tili pafupi kufika, foni ya mmodzi wa ife inalandira uthenga wotilonjera ku Malawi, pomwe phazi linali lisanachoke mu Zambia. Boma la Vubwi, lomwe linapatulidwa ku Chadiza mu 2012, lachita malire ndi Malawi komanso Mozambique, ndipo mafunde a netiweki sadziwa malire.

Tsiku la mlandu linafika. Ambuya ataona tabuleti anati, "Kagalasi aka n'kofanana ndi ka ana aja anabwera kudzatiwerenga." Ankanena za kalembera wa mu 2022, woyamba m'dziko muno kuchitika ndi matabuleti m'malo mwa mapepala. Zimenezo zinatipatsa ulemu umene sitinaugwirire ntchito. Tinaima pa ngodya ya munda, tinatsegula mapu. Kadontho kanali pa Katete. Tinazimitsa, tinayatsanso, tinaikweza m'mwamba ngati tikuitana mvula, koma ayi ndithu. Patapita kanthawi inatiuza kuti siyikudziwa pamene tili, ndipo chifukwa cha dzuwa inayamba kutentha ngati chiwaya.

Amalume anafunsa motsitsa mawu, "Aphwanga, makina akana kodi?" Mmodzi wa a mbali inayo anaseka. Anyakwawa anangoyang'ana kumbali.

Amene anatiombola ndi mwana wa amalume, mnyamata wa giredi 11, ndi kafoni kake ka Android kotchipa, kong'aluka galasi. Netiweki panalibe, bando analibe, koma m'mudzimo ankakagwiritsa kale ntchito popima minda ya soya ndi kapulogalamu komwe mnzake anamutumizira pa Bluetooth. Anakayatsa, anadikira mphindi ziwiri kapena zitatu, manambala anabwera. Ife a ku tauni, ndi chipangizo chodula kuposa chake kangapo, tinamutsata pambuyo.

Usiku umenewo tinakwera pa chulu pomwe netiweki imagwira n'kumuimbira msuweni wa ku Siavonga. Funso lake loyamba linali lakuti, "Ili ndi polowetsa SIM?" Inalibe. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anatifotokozera zimene tinayenera kufunsa tisanatulutse ndalama. Zina tinadzaziwerenga tokha titabwerera, ndipo n'zimene tikufuna mudziwe inu musanagwe m'mbuna yomweyi.

iPad imabwera mitundu iwiri. Ya Wi-Fi yokha ilibe kachipangizo ka GPS m'kati mwake. Ya Wi-Fi ndi Cellular ili nako, ndipo kamagwira ntchito ngakhale musanaikemo SIM. Yathu ija mu Lusaka inkangopenekera: imaona ma Wi-Fi a m'nyumba ndi m'masitolo ozungulira, n'kufunsa pa intaneti kuti ma Wi-Fi amenewo ali pati. M'tauni kupenekera koteroko kumalondola kwambiri moti simungakayike. Kumunda kulibe Wi-Fi ya munthu, panyanjanso kulibe. Matabuleti a Android ndi osiyanasiyana: a Samsung ambiri ali ndi GPS ngakhale akhale a Wi-Fi yokha, pomwe a Amazon Fire ambiri alibe. Otchipa opanda dzina lodziwika, bokosi likhoza kunena china, m'kati muli china.

GPS yeniyeni siidya bando ndipo siifuna Airtel, MTN kapena Zamtel. Ndi masetilaiti a dziko la America, pafupifupi 30, amene ali pamtunda wa makilomita 20,200 kuchokera pansi, ndipo iliyonse imazungulira dziko kawiri pa tsiku. Yoyamba inaponyedwa mu 1978, ndipo mu 2000 boma la America linasiya kusokoneza dala chizindikiro chopita kwa anthu wamba. Setilaiti iliyonse imangolengeza nthawi ndi malo amene ili. Foni yanu siitumiza kanthu, imangomvetsera ngati wailesi. Ikamva masetilaiti osachepera anayi, imawerengera nthawi imene uthenga wa iliyonse watenga kuti ufike, n'kupeza pamene mwaima. Uthengawo umathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, choncho kuphonya nthawi ndi kachigawo kamodzi mwa miliyoni ka sekondi ndiye kuti mwaphonya malo ndi mamita 300. Lero mafoni ambiri amamvanso GLONASS ya Russia, Galileo ya ku Ulaya ndi BeiDou ya China.

Nanga n'chifukwa chiyani kafoni ka mnyamata uja kanachedwa mphindi zingapo? Pomwe pali netiweki, foni imakopera pa intaneti ndandanda ya kumene masetilaiti ali, ndiye imawapeza mwamsanga. Pomwe palibe, imayenera kumvetsera ndandandayo kuchokera kumwamba komweko, ndipo imabwera pang'onopang'ono. Ambiri amataya mtima pa mphindi yoyamba n'kunena kuti GPS yafa, pomwe ikungofuna kudikira pabwalo, kutali ndi denga la malata ndi mitengo yowirira.

Chinanso chomwe tinkasakaniza ndi GPS ndi mapu. GPS imakupatsani manambala awiri basi. Misewu, mitsinje ndi mayina a midzi zimachokera ku mapu, ndipo mapuwo ndi amene amafuna intaneti ngati simunawakopere kale. Google Maps imalola kukopera dera, OsmAnd ndi Organic Maps nazonso zimatero pogwiritsa ntchito mapu a OpenStreetMap ojambulidwa ndi anthu odzipereka. Ife tinali ndi mapu opanda GPS. Mnyamata uja anali ndi GPS yopanda mapu, ndipo pa ntchito ya tsikulo yake ndi imene inali yofunika.

Msuweni anatiuzanso za pamadzi. Malire a Zambia ndi Zimbabwe amadutsa m'kati mwa nyanja ya Kariba, ndipo usiku asodzi a kapenta alibe chikwangwani chowauza kuti mwawoloka. Kumeneko kadontho konama kangakugonetse m'chitokosi cha dziko la eni. Amene ali ndi iPad ya Wi-Fi amagula kabokosi ka GPS kapadera, monga Garmin GLO, kolumikiza pa Bluetooth. Koma anawonjezera mawu amene tinawamvetsa mawa lake. Damu la Kariba litamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, madzi anamiza nkhalango, ndipo mitengo youma ikadali chiimire, ina pansi pa madzi. Tabuleti ikuuzani pamene muli, koma chitsa chong'amba boti amachidziwa ndi woyendetsa amene wadutsapo zaka zambiri.

M'mawa mwake tinabwerera kumunda ndi kafoni kaja. Tinazungulira munda katatu, ndipo katatu konse manambala anasiyana: ulendo woyamba malima asanu ndi kachidutswa, wachiwiri osakwana asanu, wachitatu pakatikati. Apa ndi pomwe masamu a kusukulu anatibwerera. Lima imodzi ndi mamita 50 mbali zonse, malima anayi ndiye hekitala. GPS ya foni, kumwamba kuli poyera, imatha kuphonya ndi mamita asanu kapena kuchepera pang'ono. Mkangano wa ambuya unali wa mizere itatu, ndipo mzere ndi mzere sizitalikirana kufika mita. Malo onse olimbiranawo anali osakwana mamita atatu m'lifupi. Ngakhale tikanabwera ndi iPad yoyenera, mizere itatuyo ikanabisala m'kati mwa kuphonya kwa makina. Akatswiri opima malo ali ndi zida zolondola mpaka masentimita, koma zimenezo si za m'thumba mwa ana a sukulu.

Tinawauza anyakwawa zoona zake, kuti kukula kwa munda tingawauze mongoyandikira, koma pamene mzere wa malire uyenera kudutsa makina athu sangaweruze. Tinkayembekezera kusekedwanso. Iwo anangoti, "Mwachita bwino kunena, ana inu. Itanani amayi aja a kutsidya." Anabwera agogo ena okalamba kuposa ambuya, oyenda ndi ndodo, amene analipo pomwe mindayo inkagawidwa. Sanayang'ane foni. Analoza chulu, analoza mtengo wa masuku, kenako anauza anyamata kuti akumbe pang'ono pamalo ena. Panatuluka chitsa cha khonje amene ambuye aamuna anabzala kalekale, wina n'kudzamudula. Chingwe chitakokedwa kuchoka pa chulu kudutsa pa chitsacho, mizere iwiri inabwerera kwa ambuya. Wachitatu unapezeka kuti unali wa eni ake kuyambira kale. Ambuya anang'ung'udza, koma anavomera.

Pambuyo pake tinamva kuti ku Chipata bungwe la Chipata District Land Alliance linagwirapo ntchito yolemba minda ya m'midzi ndi zipangizo za m'manja, mafumu n'kumapereka zikalata za malo. Kumenekonso makina sankayenda okha: mwini munda, oyandikana naye ndi akuluakulu a mudzi ankayendera limodzi malire, makina n'kulemba zimene anthu agwirizana. Ife tinayambira kumchira. Tinkafuna kuti kagalasi kalankhule m'malo mwa anthu, mwina chifukwa tinkaopa kukhala pansi ndi achibale amene mayina awo sitiwadziwa bwino, m'Chichewa chimene timachilankhula chosakaniza ndi cha m'tauni.

Kafoni kanagwirabe ntchito yake. Tinalemba manambala a chulu, a mtengo wa masuku ndi a ngodya zinayi m'kope la amalume, pambali pa mayina a mboni ndi tsiku. Anyamata anabzala khonje watsopano m'malire monse. Amalume anakondwera ndi china chomwe sitinachiganizire: kwa zaka zambiri ankayesa mundawo ndi mahekitala awiri, ndipo mbewu ndi feteleza ankawerengera pamenepo. Tsopano akudziwa kuti ndi hekitala imodzi ndi lima.

Ndiye ngati mukugula tabuleti yoti mupite nayo kumudzi, ku thengo kapena pa boti, musakhutire ndi kadontho ka m'sitolo. Tulukani nayo pabwalo wogulitsa ali pomwepo. Zimitsani Wi-Fi ndi data, musiye Location yokha. Pa Android, kapulogalamu ngati GPSTest kamaonetsa masetilaiti amene chipangizo chikumva. Pakatha mphindi zisanu osaoneka ngakhale imodzi, bwezani. Pa iPad, lowani mu Settings, General, About, muone ngati pali nambala ya IMEI. Ngati palibe, ndi ya Wi-Fi yokha. Koperani mapu mukadali m'tauni, nyamulani pawabanki, ndipo chipangizocho muzichibisa ku dzuwa la Okutobala.

iPad ija ikadalipo, mlongo wathu wamng'ono amaonerapo makatuni. Mu Disembala ambuya anaimba foni ali pa chulu paja kutiuza kuti mvula yagwa, khonje wagwira, ndipo chimanga cha m'mizere iwiri ija chamera bwino. Anafunsanso ngati tidzabwere mu Ogasiti kuti tidzawaperekeze ku Kulamba ku Mkaika. Tinati tidzabwera. Anati, "Njira mukuidziwa tsopano, kapena nditumize mwana akakuchingamireni pa Chadiza?" Tinawapempha kuti amutumize ndithu.