Mayina Amene Nyanja Sidabweze

M'mwezi wa Novembala chaka cha 1942, sitima ya pamadzi yotchedwa Irish Pine idali pakati pa nyanja ya Atlantic, pa ulendo wochokera ku Dublin kunka ku America kukatenga miyala yopangira feteleza. M'menemo mudali amuna 33, motsogozedwa ndi Kaputeni Matthew O'Neill. Dziko lawo la Ireland silidalowe nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, motero sitima zake kawirikawiri zinkayenda zokhazokha popanda zankhondo zoziperekeza, usiku nyali zili ngwee, m'mbali mwake mutajambulidwa mbendera ndi mawu akuti EIRE m'zilembo zikuluzikulu, kuti woziona patali adziwe kuti si za mdani. Irish Pine sidafike kumene inkapita. Palibe mtembo umene udabwerera kwawo, ndipo palibe amene adapulumuka kuti akafotokoze chimene chidachitika. Akazi amasiye ndi ana adauzidwa kuti sitimayo yasowa, basi. Maliro opanda mtembo satha msanga, ndipo awa adatenga zaka 35.

Amene adawatseka ndi Frank Forde, yemwenso adali kaputeni wa sitima, pamene ankasonkhanitsa nkhani za buku lake la The Long Watch lomwe lidatuluka mu 1981. Yankho sadalipeze ku Dublin. Adalipeza m'mabuku a asilikali a pamadzi a dziko la Germany, amene adalandidwa chakumapeto kwa nkhondo. Mkulu aliyense wa sitima yankhondo yoyenda pansi pa nyanja ankayenera kulemba zochitika za tsiku ndi tsiku: nthawi, malo, mmene nyanja idalili, ndi zida zimene waponya. M'buku la sitima ya U-608, yomwe ankayendetsa Rolf Struckmeier, mudalembedwa za sitima ina imene adaizemberera kwa maola asanu ndi atatu, ndipo ataiphulitsa idamira m'mphindi zitatu zokha. Dzina la sitimayo sadalilembe. Koma tsiku ndi malo zidagwirizana ndi njira ya Irish Pine, ndipo umu ndi mmene mabanja 33 adadziwira kumene abale awo adagona. Sitima ya U-608 nayonso idamizidwa mu Ogasiti 1944 m'nyanja ya Bay of Biscay, koma anthu ake onse adapulumutsidwa.

Nkhani imeneyi ili ndi chinthu chowawa chimene wofufuza aliyense wa amalinyero ndi asilikali a ku Ireland amakumana nacho posachedwa. Munthu wamba salembedwa chifukwa choti wina amamukonda. Amalembedwa ndi womulemba ntchito, womulipira, womulanga, kapena womupha, pakuti awa ndiwo ali ndi chifukwa chosungira kaundula. Amayi ake adamusunga mumtima, ndipo mtimawo udapita nawo kumanda. Kalaliki amene sadamuonepo kawiri ndiye adamusiyira mzere umodzi papepala. Kwa Muairishi vutoli ndi lowirikiza, chifukwa pa nkhondo yoyamba dziko lake lonse lidali pansi pa ufumu wa Britain, ndipo pa yachiwiri mbali yaikulu idali itadziimira payokha. Amene adamulemba ndi boma lina, amene adayenera kumukumbukira ndi boma linanso.

Wofuna agogo ake amayamba ndi kudziwa zimene kulibe. Pa 30 Juni 1922, kumayambiriro kwa nkhondo yapachiweniweni, nyumba yosungira zikalata za boma pa Four Courts mu Dublin idaphulika ndi kupsa. Mudapsera zolembedwa za zaka mazana angapo, kuphatikizapo pafupifupi mapepala onse a kalembera wa 1821, 1831, 1841 ndi 1851. Mapepala a kalembera wa zaka zinayi zotsatira, kuyambira 1861 kufikira 1891, sadafikeko n'komwe ku motowo, chifukwa boma lidali litawawononga kale mwadala. Mu Seputembala 1940 bomba la ndege za Germany lidagwera nyumba ina ya mu Arnside Street ku London, momwe munkasungidwa mafayilo a asilikali wamba a nkhondo yoyamba, ndipo pafupifupi magawo awiri mwa atatu adapsa. Amuna a ku Ireland amene adamenya nawo nkhondo ija adaposa 200,000, choncho n'zosavuta kuona kuchuluka kwa amene mbiri yawo idasanduka phulusa usiku umenewo. Zotsalazo, zowauka m'mbali ndi zonyowa ndi madzi a ozimitsa moto, zimawerengekabe.

Moto ndi bomba munthu angazikhululukire. Chovuta kukhululukira ndi chisankho cha mu ofesi, chochitika mumtendere. Makhadi a amalinyero a sitima zamalonda a kuyambira 1913 kufikira 1918, zaka zomwe amunawa ankamizidwa mwaunyinji, adawonongedwa mu 1969. Mindandanda ya ogwira ntchito pa ulendo uliwonse wa sitima, yomwe idali yambiri kwabasi, idatsala pang'ono kuona zomwezo. Idapulumuka poigawa: ina idatsala ku Kew, ina ku Greenwich, ndipo gawo lalikulu, pafupifupi magawo asanu ndi awiri mwa khumi, lidawoloka nyanja kukasungidwa pa Memorial University ku St John's, m'chigawo cha Newfoundland ku Canada. Mdzukulu wa mmalinyero wa ku Arklow kapena ku Wexford angapeze siginecha ya agogo ake kutsidya la nyanja yomwe ija imene agogowo ankaiopa.

Pali makhadi ena amene adapulumuka, ndipo amenewa ndiwo chuma chenicheni. Amatchedwa CR10, adalembedwa pakati pa 1918 ndi 1921, ndipo ali ku Southampton. Pa khadi lililonse pali dzina, tsiku ndi malo obadwira, ntchito ya munthuyo m'sitima, ndi kachithunzi kakang'ono ka nkhope yake. Boma silidajambulitse amunawa pofuna kuwalemekeza. Linkafuna kudziwa amene alidi mmalinyero, pa nthawi imene anyamata ankakokedwa kunka ku nkhondo. Komabe kwa mabanja ambiri osauka, amene sakadataya ndalama kwa wojambula, ichi ndicho chithunzi chokhacho cha kholo lawo. Munthu woponya malasha m'ng'anjo ya sitima, amene moyo wake wonse udathera m'chipinda chotentha chosaona dzuwa, akuyang'ana kutsogolo atavala kolala, osamwetulira, monga amachitira aliyense woitanidwa ndi boma. Kunsi kwake kapena kuseri kuli manambala ndi masiku. Manambalawo si mayina a sitima, koma nambala ya boma ya sitima iliyonse, ndipo wofufuza ayenera kupita ku buku lina kuti adziwe dzina la sitimayo, kenako ku nkhokwe ina kuti aone ulendo wake. Ntchito yake ndi ya mlenje wolondola mapazi pa thanthwe.

Chimene chimasokeretsa ambiri si kusowa kwa pepala ayi, koma dzina lenilenilo. Chiairishi ndi chilankhulo chosiyana kotheratu ndi Chingerezi, ndipo m'midzi ya kumadzulo kwa chilumbachi, kumene chidalimba, munthu ankadziwika ndi dzina lake lotsatizana ndi la bambo ake ndi la agogo ake, osati ndi chiwongo cha m'kaundula. Akafika pa tebulo la wolemba ntchito ku Liverpool kapena ku Cardiff, dzinalo linkadutsa m'khutu la mlendo. Seán ankasanduka John, Pádraig n'kukhala Patrick, zomwe n'zomveka. Koma Tadhg ankasanduka Timothy, ndipo Diarmaid n'kukhala Jeremiah, mayina amene alibe chibale chilichonse kupatula kuti wina kalekale adawamva ngati ofanana. Ziwongo zina zinkalembedwa monga zikumvekera, zina zinkamasuliridwa. Mac Gabhann, kutanthauza mwana wa wosula zitsulo, m'dera lina ndi McGowan, m'dera lina ndi Smith, ndipo Smith ameneyo akalowa m'kaundula wa ku London amamira pakati pa Angerezi zikwizikwi. Timawu ta Ó ndi Mac, toimira mdzukulu ndi mwana, tinkatayidwa ndi kutoledwanso, kotero kuti munthu mmodzi angakhale Sullivan pa ubatizo, O'Sullivan pa ukwati, ndi Sulivan pa khadi la sitima. Amene makolo awo adapita ku migodi ya ku Johannesburg ndi dzina lina n'kubwerako ndi lina la pachitupa sangadabwe nazo izi.

Malo nawo adasintha mayina. Doko limene khadi likuti Queenstown lero ndi Cobh, Kingstown ndi Dún Laoghaire, King's County ndi Offaly, Queen's County ndi Laois. Kompyuta imafufuza zilembo zimene yapatsidwa, siidziwa kuti awa ndi malo amodzi. Wofufuza wabwino amalitchula dzinalo mokweza, namvetsera mmene likadamvekera kwa kalaliki wotopa, pa doko laphokoso, ali ndi mzere wa anthu makumi asanu kutsogolo kwake.

Pepala likapezeka, si kuti mlandu watha. M'manda a asilikali a Poelcapelle ku Belgium muli mwala wa John Condon wa ku Waterford, amene adaphedwa mu Meyi 1915. Pamwalapo padalembedwa kuti adali ndi zaka 14, ndipo alendo ambirimbiri amaimapo chifukwa cha nambala imeneyo. Koma kaundula wa kubadwa, amene adayamba mu 1864 ndipo sadapse nawo mu 1922 poti ankasungidwa kwina, akusonyeza kuti mnyamatayu adabadwa mu 1896. Adafa ali ndi zaka 18. Ena amakwiya akamva zimenezi, ngati kuti wofufuza wamulanda kanthu malemuyo. Kunena zoona, palibe chimene walandidwa. Imfa ya mnyamata wa zaka 18 m'ngalande yodzaza utsi wa poizoni siyofunika kuichepetsera zaka kuti ikhale yomvetsa chisoni.

Ziwerengero zikuluzikulu nazonso zimagwedezeka. Mabuku asanu ndi atatu a Ireland's Memorial Records, osindikizidwa mu 1923 ndi kukongoletsedwa m'mbali ndi mmisiri Harry Clarke, ali ndi mayina 49,435 a omwalira. Kwa zaka zambiri nambala imeneyi inkatchulidwa ngati ya Aairishi onse ofa pa nkhondo yoyamba, pomwe m'menemo muli Angerezi ambiri amene adangotumizidwa m'magulu ankhondo okhala ndi mayina a Chiairishi. Kwina kufufuza kumachepetsa, kwina kumawonjezera. Sitima yonyamula makalata ndi anthu ya Leinster idamizidwa pa 10 Okutobala 1918 itangochoka pa Kingstown kupita ku Holyhead, kutatsala mwezi umodzi kuti nkhondo ithe. Boma lidati adafa ndi anthu 501. Philip Lecane ndi anzake, pofufuza m'nyuzipepala zakale, m'makaundula a imfa ndi pa miyala ya m'manda, adakweza chiwerengerocho kupitirira 560. Kusiyana kwa manambala awiriwa ndi anthu oposa 60, aliyense ndi kwawo, amene kwa zaka pafupifupi zana sadali pa mndandanda wa aliyense. Ngakhale zili choncho, Muairishi adali ndi mwayi poyerekeza ndi ena ovala yunifolomu ya mfumu yomweyo. Bungwe la Commonwealth War Graves Commission, losamala mwala wa Condon, lidavomera mu 2021 kuti anthu osachepera 116,000 ofa pa nkhondo yoyamba, ambiri mwa iwo a mu Africa, kuphatikizapo amtengatenga, sadakumbukiridwe ndi mayina awo. Kumeneko wofufuza alibe ngakhale dzina lolakwika loti alikonze.

Funso lotsala ndi lakuti, bwanji zonsezi zidadikira adzukulu? Yankho lili kunyumba osati ku nkhokwe. Msilikali wobwerera mu 1919 adapeza dziko limene adalisiya litasintha mtima. Kuukira kwa pa Isitala mu 1916 kudasandutsa yunifolomu yake chovala cha mdani, ndipo ngwazi za dziko latsopano zidali zomwe zidamenyana ndi yunifolomuyo. Mamendulo adalowa m'kabati, nkhani idafera m'kamwa. Ana adakula akudziwa kuti bambo adapita kutali nthawi ina, ndipo adaphunzira kusafunsa. Boma la Ireland lidasamala kwambiri mbiri ya omenyera ufulu, ndipo mafayilo awo opempha penshoni ali ku Military Archives mu Dublin, odzaza ndi maumboni. Mchimwene wa munthu yemweyo, amene adapita ku Somme kapena ku Gallipoli, ayenera kufunidwa ku Kew.

Pali kaundula mmodzi amene boma la Ireland lidalemba mosamala kwambiri za amuna ake omenya nkhondo kunja, ndipo ndi wa chilango. Pa nkhondo yachiwiri asilikali ena adathawa m'gulu lankhondo la dziko lawo losalowererapo, ambiri n'kukalowa la Britain kukamenyana ndi Hitler, ena n'kukagwira ntchito m'mafakitale. Mu 1945 boma la Éamon de Valera lidawachotsa ntchito onse pamodzi popanda kuwazenga mlandu m'bwalo, lidawamana malipiro ndi penshoni, ndi kuwaletsa ntchito iliyonse ya boma kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Mndandanda wa mayina 4,983 udasindikizidwa ndi kutumizidwa m'maofesi kuti wina asawalembe ntchito mosadziwa. Ena mwa olembedwawo adali atafera kale ku nkhondo. Mlandu wa mbali zonse ulipo, pakuti msilikali wothawa dziko lake lili pangozi sayamikiridwa kulikonse, koma njala imene idatsatira idagwera ana amene sadathawe kanthu. Nduna Alan Shatter idapepesa m'malo mwa boma mu 2012, ndipo lamulo lowakhululukira lidadutsa mu 2013, ambiri mwa iwo atamwalira kale.

Popeza cholinga chidali choti asasokonezedwe ndi wina wa dzina lofanana, kalaliki wa 1945 sadasiye kanthu. Pa mzere uliwonse adalembapo nambala ya usilikali, dzina, keyala yomaliza, tsiku lobadwa ndi ntchito imene munthuyo ankagwira asadalowe usilikali. Adzukulu ofuna kudziwa tsiku limene agogo awo adabadwa ndi msewu umene ankakhala amayambira pa mndandanda umenewo.