Chiswe chikudya luso ku Senga Bay

Kuchoka pa Salima kukafika ku Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 20. Ambiri a inu msewu umenewu mumaudziwa chifukwa cha usipa ndi utaka: kulawira m'mamawa, maso ali pa thandala, kubwerera matumba ali pamwamba pa matola. Ine ulendo uno nsomba ndidazisiya kaye. Ndidatsikira pa zisakasa za osema ziboliboli zomwe zidandanda m'mbali mwa msewu mukamayandikira kumahotela.

Abale anzanga, muli zinthu m'zisakasa zija! Mvuu, njovu, bawo, mipando ya mafumu, zina zopakidwa polishi ya nsapato kuti zide ngati phingo (paja malonda ndi malonda, ndani mwa ife sadapukutepo tomato kuti awale?). Ambiri mwa osemawa sadapondeko kusukulu ya zaluso. Kasemasema adamugwira poonera amalume awo, basi.

Koma chomwe chidandigwira mtima sichidali pa malonda ayi. Kuseri kwa chisakasa china, madala ena adaumba ng'ona yadothi yotalika kuposa munthu, mamba ake magalasi a mabotolo osweka. Pakhoma la nyumba yawo adajambulapo asodzi ali pabwato usiku, nyali zikuyaka, chilumba cha Namalenje chikuonekera patali. Nditafunsa mtengo, madalawo adangoseka nati izi n'zapakhomo. Tsono mchira wa ng'ona ija udagumuka kale ndi mvula, ndipo mizati ya chisakasa yatha ndi chiswe.

Apa ndiye pagona nkhani. Chiboliboli chokongola amagula ndi mlendo, mawa chili ku London. Chomwe chatsala kuno chilibe denga. Mu 2024 nyanja idakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo m'mbali mwa gombe; eni malowo adali n'koyambira, nanga khoma lazidina zosawotcha lidandaule kwa yani? Kwinaku makampani a mafoni akubwera ndi penti yaulere, golosale yonse mtundu umodzi, chambo chija adajambula mnyamata wa bulashi chafufutika. Mwini golosale sindingamunene, penti yadula masiku ano. Koma chithunzi chikapita chapita.

Tsiku lotsatira ndidafuna kuona komwe zinthu zotere zimasungidwa, ndiye ndidatsata msewu wa M5 kulowera kummwera, kudutsa Chipoka, mpaka ku Mua pafupi ndi Mtakataka, m'boma la Dedza. Mishoni ya Mua adaitsegula ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo mu 1976 bambo Claude Boucher a ku Canada adayambitsa malo a zaluso a KuNgoni, komwe osema a m'midzi yozungulira adapeza pogwirira ntchito ndi pogulitsira. M'nyumba yosungira zakale ya Chamare muli mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao, kuphatikizapo zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400. Makoma ake akunja ndi zithunzi zokhazokha za mbiri ya dziko lino.

Ndidazungulira kawiri. Luso la ku Mua ndi lalikulu zedi, koma ndikunenetsa kuti manja a madala a ku Senga Bay aja sakuchepera. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Mua wina adakhoma malata, kulemba dzina la chinthu chilichonse, n'kuika munthu pakhomo wolandira kangachepe kwa alendo.

Inu amene mumakaoda katundu ku Joni mwina mudamvapo za Owl House, m'katauni ka Nieu-Bethesda ku South Africa. Mayi wina, Helen Martins, osaphunzira zosema, adadzaza bwalo la nyumba yake ndi akadzidzi, ngamira ndi anthu a simenti ndi magalasi, mothandizidwa ndi mmisiri Koos Malgas. Anzake ankamuona ngati wozungulira mutu. Adamwalira mu 1976, nyumbayo idasungidwa, ndipo alendo okaiona ndiwo amagula zoumba za anthu a m'tauniyo pamsewu.

Tsono ife tidikire mzungu wina kapena a boma? Komiti ya pamsika imasonkhetsa ndalama ya maliro ndi ya mlonda tsiku lililonse. Osema a ku Senga Bay atagwirizana kuti chaka chilichonse chiboliboli chimodzi chopambana chisagulitsidwe, chikhale m'chisakasa chimodzi cha malata, mlendo angaime nthawi yaitali, ndipo woima nthawi yaitali amagulanso chimanga chootcha ndi mandasi. Inunso mukakaoda usipa, tsikani mphindi khumi. Pemphani kaye musanajambule ndi foni, funsani amene adaumba, musiyeni ya sopo. Ndipo a penti yaulere akafika pa golosale yanu, auzeni asiyeko khoma limodzi.

Ng'ona ija ndidaiyeza ndi mapazi. Malata 6 ndi mizati ya bulugamu yopaka oyilo wakuda zingakwane, mvula ya Disembala isanagwe.