Madzi a Nsomba za M'galasi

Ife amene timaweta nsomba m'mathanki agalasi kuno ku Dedza, kumene nkhungu imakuta phiri ndipo chisanu cha mwezi wa June chimalowa mpaka m'mafupa, tidazindikira kalekale kuti ntchito yathu yeniyeni ndi kusamala madzi, pakuti Namalenga adaipatsa nsomba iliyonse madzi ake, ndipo ukaimana madziwo imafota ngakhale uidyetse zonona. Madzi timawayeza ndi timapepala tosintha mtundu, pa muyeso wa pH umene pakati pake pali 7. Mbuna za m'Nyanja ya Malawi, zimene malemu Stuart Grant ankatumiza kunja kuchokera ku Salima, zimakondwera pa 8 kapena kupitirirapo pang'ono. Koma tinsomba tanthete totchedwa neon tetra, timene kwawo ndi m'mitsinje ya m'nkhalango za Amazon, timafuna madzi owawasa pang'ono, a 6 kapena 6.5, ndipo n'timeneti timandisowetsa tulo.

Munthu akandidandaulira kuti pH ya madzi ake ikukana kutsika, sindithamangira masamba a mitengo oitsitsira, koma ndimayamba ndavuula miyala ndi mchenga wa m'thankimo n'kudonthezerapo viniga. Mwala umene uchita thovu uli ndi laimu, ndipo ukakhala m'menemo, pamodzi ndi zigoba za nkhono zimene ambiri amatola kunyanja kuti akometsere thanki, zonse zimene mungachite zidzakhala kutungira madzi m'dengu. Madzi a pamjigo amene sopo sachita nawo thovu msanga ali ndi vuto lomwelo. Amenewa ndimawasakaniza ndi a mvula, otchera m'beseni lapulasitiki pabwalo, pakuti otsika padenga la malata amadza ndi fumbi, dzimbiri ndi zitosi za mbalame.

Pamenepo ndiye ndimatenga masamba a naphini, ouma okha ndi ogwa okha mumtengo, kutali ndi minda ya mbatatesi imene alimi amapoperamo mankhwala. Ndimawatsuka, n'kuwanyika m'madzi otentha kanthawi, ndipo ndikaponyamo awiri kapena atatu, amayandama tsiku loyamba, kenaka n'kumira mwakachetechete, natulutsa utoto wake umene umasandutsa madzi kukhala ngati tiyi wopanda mkaka. Utoto umenewo ndiwo umatsitsa pH, ndipo alendo amene amati thanki yada sadziwa kuti tinsombato timawala koposa m'madzi otere. Muzu wa mtengo wolimba umene udauma kalekale umagwira ntchito yomweyo kwa miyezi yambiri. Paini wodzaza m'phiri lathuli ndi bulugamu musayese n'komwe, chifukwa utomoni ndi mafuta ake zimapha nsomba.

Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi mawuwo ali ndi masamu ake: kutsika kuchoka pa 8 kufika pa 7 ndiko kuchulukitsa asidi kakhumi, kotero iye amene afinyira ndimu m'thanki kuti atsirize lero adzapeza m'mawa nsomba zitatembenuza mimba, pH itabwereranso pomwe idali. Ine ndimasintha madzi pang'ono sabata iliyonse, ndikuyeza ndisanathire ndiponso nditathira.

Koma inu oweta mbuna, chonde masambawa asayandikire thanki yanu. Zisiyireni miyala yake ndi zigoba zake.